Nsapato Yovala Chisoti

Maëlle anakumana ndi Thibault pa siteji ya basi ku Rennes, mvula ikugwa, tsiku lake loyamba kupita kuntchito. Mnyamatayo anamufunditsa ambulera.

"Mukupita kuti, chiphadzuwa?"

"Ku sitolo ya mipando ya Madamu Kervella."

"Ndimagwira komweko! Mulungu watitumizira basi imodzi."

Basi imatumizidwa ndi kampani, koma mtsikanayo anakhulupirira.

Pofika Khirisimasi, foni ya Maëlle inali itatopa ndi mauthenga. "Kakabichi kanga, wadya?" "Duwa langa, ndikamakuganiza khofi amandizizirira m'manja." Koma kuntchito Thibault ankadutsa ngati sakumudziwa.

"Bwanji ukundibisa?" anafunsa Maëlle.

"Anthu ndi ansanje, wapamtima. Dikira tsiku la keke ya mafumu. M'kekemo amabisamo kachidole, ndipo wokapeza m'chidutswa chake amavekedwa ufumu. Wamng'ono pa tonse ndiwe, ndiye udzalowa pansi pa tebulo kutchula mayina a olandira zidutswa. Wodula ndidzakhala ine. Mpeni ukadzagunda kachidole ndidzatsokomola, iwe udzatchule dzina langa. Ndikadzakhala mfumu, ndidzakuveka chisoti pamaso pa onse!"

Ndani akanakana?

Januwale atangoyamba, Madamu Kervella anabwera ndi keke yofunda, yonunkhira batala, ndi zisoti ziwiri zapepala. Antchito onse anazungulira tebulo.

"Maëlle, lowa pansi, mwanawe. Usasuzumire, kachidole kamapeza mwini wake kokha."

Analowa ndi diresi yake yatsopano. Kunja kwa nsalu ya tebulo mpeni unayamba ntchito.

"Chidutswa ichi ndi cha ndani?" anafunsa Thibault.

"Cha Madamu!"

"Nanga ichi?"

Apa m'pamene anaona. Nsapato yakumanzere ya Thibault inali yokhayokha, yopanda phazi. Phazilo, ndi sokosi yobooka pachala, linali paulendo, likusisita mwendo wa Solène wa pakauntala. Ndipo Solène sankalithawa ayi.

Mayo! Kakabichi kaja? Duwa lija? Misozi inadontha pa diresi yatsopano. Koma pansi pa tebulo si malo olirira nthawi yaitali, mawondo amawawa.

"Wagona pansipo?" anakuwa Gaspard woyendetsa lole. "Tili ndi njala ife!"

"Cha Gaspard," anatero Maëlle, akukokera nsapato ija pamiyendo pake.

Kenaka Thibault anatsokomola. Anatsokomolanso, mwamphamvu.

"Imwa madzi, iwe, usatitsokomolere pakeke," anatero Madamu.

"Ichi ndi cha ndani?" Mawu a Thibault anali okoma ngati uchi.

"Changa."

Anatuluka manja ali kumbuyo, nakhala pampando, naluma keke. Dzino linagunda kanthu kolimba. Analavulira kachidole m'mbale, kang'ombe kadothi.

"Mfumukazi! Mfumukazi!" Onse anaomba m'manja, Madamu namuveka chisoti.

"Tsopano sankha mfumu yako."

Thibault anakonza kolala, phazi likufufuza pansi. Maëlle anaika nsapato patebulo, pakati pa mbale, naiveka chisoti chachiwiri.

"Mfumu yanga ndi iyi. Imakhala pomwe aisiya. Phazi lake ndiye loyendayenda, funsani Solène."

Solène anadzuka, maso ali psu.

"Thibault! Si iwe unati ukapeza kachidole undiveka ine?"

"Kakabichi kanga, tamvera..."

"Uti?" anafunsa onse awiri.

Gaspard anaseka mpaka keke inamutsamwa. Madamu anangodzidulira chidutswa china.

Madzulo mvula inayambiranso. Maëlle ali pa siteji, foni inalira: "Wapamtima, ndikufotokozera zonse. Koma chonde nsapato, kunja kwanyowa."

Anawerenga, napukuta maso, chifukwa anamukondadi chitsiru chija. Kenaka anayankha: "Uli ndi ambulera."

Basi itafika anakwera chisoti chili kumutu, nakhazika mfumu yake pampando wa pawindo.