Tipoti ya Hilda pa Windo la Mkazi Wina

Kwa zaka makumi awiri, Hilda Pargeter ndi mwamuna wake Aubrey ankayendera limodzi m'maokushoni a ku Worcester, kusaka mbale zakale zadothi, zoyera zamaluwa abuluu. Kabati yawo inadzaza, ndipo pashelefu yapamwamba pankakhala tipoti imene Aubrey anamugulira Hilda chaka chimene anakwatirana.

Zinthu zinasintha pamene Rosalind Tew, mkazi wamasiye, analowa m'gulu lawo la osonkhanitsa mbale. Aubrey anayamba kupita kuokushoni yekha, amvekere Hilda azipumitsa mawondo. Anzake a Hilda akamuona ankadula nkhani n'kumayang'ana m'makapu. Nsanje siigogoda polowa mumtima, ndipo ikalowa imayamba kudya mwini nyumba.

Lachiwiri lina m'mawa, Hilda anapeza pashelefu paja pali mbee.

"Aubrey, tipoti yanga ili kuti?"

"Ndinakaisiya kwa okonza. Inali ndi mng'alu."

"Ndimaipukuta tsiku lililonse ine. Mng'aluwo uli m'kamwa mwanumo."

Patapita masiku atatu Hilda anaiona tipoti ija pawindo la Rosalind, ataikamo maluwa ngati chibekete. Hilda sanalire. Anabwerera kunyumba, nasankha mbale yaikulu yoikapo nyama, yolemera kuposa zonse, naikulunga pansalu, napita nayo kwa Rosalind.

Rosalind anamulandira akumwetulira.

"Mayi Pargeter, mwanditengera chiyani?"

"Poti wayamba kutola za m'nyumba mwanga, ndati ndikuwonjezere."

"Zimene ndili nazozi ndinachita kupatsidwa, mayi. Mwamuna akatopa ndi zakale, mlandu si wanga."

Hilda anakweza mbale ija, ndipo inatera pamutu pa mkaziyo n'kusweka. Rosalind anagwa chagada, ndipo anamwalira ambulansi isanafike. Apolisi anapeza Hilda atakhala pampando, akutaya maluwa aja limodzilimodzi pansi.

Kukhoti woweruza anamufunsa ngati akumva chisoni.

"Ndi mbale ija, inde, bwana. Inakhala zaka mazana awiri osasweka."

Anamulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse. Aubrey sanapite kukamuona ngakhale kamodzi. Chaka chisanathe anagulitsa zonse za m'kabati, nasamukira m'tauni ina ya m'mbali mwa nyanja, kumene akuti anakwatiranso.

Ndi mmene kubwezera kumathera. Mmodzi ali m'manda, wina akukalambira m'chitolokosi, koma amene anayatsa motowo sanapse ngakhale chala.