Nsonga Ina ya Nduwira

Sitima inanyamuka pa Kanpur dzuwa litangolowa. Gulu la Inderpal linali la anthu makumi awiri ndi awiri, ambiri a iwo okalamba, aliyense atakoleka kakhadi kachikasu m'khosi ngati ana a sukulu ya mkaka. Ulendo wake unali waufupi: kugona m'sitima, kukaswera ku Amritsar kupemphera ku Kachisi wa Golide, mawa lake n'kubwerera. Inderpal, wotsogolera gululo, anali bambo wa kamimba kake ndi pakamwa posatseka.

"Tamverani akuluakulu! Wotsika pasiteshoni kukagula mtedza asadzandilirire. Sitima si mkazi wanu woti n'kukudikirani."

"Wakoyo anakudikirapo liti?" anafunsa gogo wina, bogi yonse n'kufa nacho chiseko.

A Tarlochan Singh sanaseke. Anakhala pawindo, manja ali pamaondo, akuyang'ana kunja kumene kunalibe choti n'kuyang'ana. M'gulu lonselo mwamuna wopanda nduwira anali iwo okha: tsitsi lometa, ndevu zopala, mutu uli mbuu ndi imvi. Inderpal atafika pa iwo anawapatsa kampango kofunda kumutu.

"Chacha ji, aka ndi kanu. Kukachisi salowa mutu uli pamtunda, mukudziwa kale."

Anakalandira, n'kukapinda, n'kukaika m'thumba.

"Thokozaniko, bambo a Jasleen," anatero mkazi wawo, Swaran Kaur, akuwagunda ndi chigongono. "Musadabwe a Inderpal, ine ndinakwatiwa ndi chipika. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndikupempha ulendo umenewu. Lero ndachita kuwakokera kusiteshoni ngati mbuzi yopita kumsika."

Mayiwo sankanama. A Tarlochan sanali munthu wankhanza, ayi. Mowa sankamwa, dzanja sankakweza, shopu yawo ya zipangizo za njinga ankaitsegula nthawi yake. Kungoti m'kati mwawo munali zii. Mwana wawo Jasleen akukwatiwa, iwo ankawerenga mipando. Mayi awo atamwalira, iwo ankafunsa ngati tiyi wakwanira. Chakudya ankadya poti nthawi yakwana. Ndipo panali patapita zaka makumi anayi asanapondemo m'sitima.

Swaran ankadziwa zimene aliyense ankadziwa. Chaka chija cha chipwirikiti, zaka makumi anayi zapitazo, pamene anthu a chipembedzo chawo, ovala nduwira, ankasakidwa m'misewu ndi m'sitima, ena n'kuwotchedwa ndi parafini, mkulu wawo wa a Tarlochan, dzina lake Amrik, anatsitsidwa panjanji yomweyi, ndipo mtembo wake sunapezeke. A Tarlochan anapulumuka chifukwa anali m'bogi ina. Anawauza choncho mayi awo. Anamuuza choncho aliyense.

Sanali m'bogi ina.

Nsalu ya nduwira ndi yaitali, kuikonza wekha n'kovuta. Pamafunika wina agwire nsonga inayo, awirinu mukoke, mupinde m'mbali mwake mpaka iwongoke ngati lamba, kenako mwiniwake alume nsonga yake ndi mano n'kuyamba kukulunga kumutu. M'mawa wa tsiku lija ndi zimene awiriwo ankachita pakanjira ka pakati pa bogi. Amrik, wa zaka makumi awiri ndi zinayi, anali uko. Tarlochan, wocheperapo ndi zaka zisanu, anali uku.

"Koka Nikke, ukukoka ngati sunadye," anatero Amrik, poti kunyumba Tarlochan ankamutcha Nikke, kamng'ono.

Pomwepo sitima inaima patchire. Kunja kunamveka zitsulo zikugogoda mabogi. Tarlochan anasiya nsalu ija. Anathawira m'chimbudzi, anaponya nduwira yake pabowo, n'kudzidula tsitsi lalitali limene likanamuulula, ndi lezala limene wina anaiwala pasinki. Amrik anatsala yekha pakanjira, nsalu yonse ili m'manja, wopanda poibisa.

Nkhaniyo inathera pamenepo, ndipo sinatulukeponso pakamwa pa munthu.

Tsono usiku uno anthu anamasula zakudya zawo, anagawana chapati ndi mphodza, anapemphera pemphero la madzulo. Inderpal anawerenga mitu kawiri, n'kukagona. Magetsi anazima, n'kutsala kababu kamodzi kabuluu. Swaran anayamba mkonono pabedi lapansi.

A Tarlochan tulo sitinawabwerere. Sikuti ankaopa. Anali akudikira mantha kuchokera pa Kanpur, koma mantha sanabwere. Anangogona chagada, akumvera magudumu.

Pakati pa usiku anatsika kukataya madzi. Potuluka m'chimbudzi anapeza munthu ataima pafupi ndi chitseko cha bogi, atawafulatira. Anali wamtali, wosavala nsapato. Tsitsi lake anali atalimanga mfundo pamwamba pa mutu. Paphewa panali nsalu yapinki.

"Tandigwirirako nsonga iyi," anatero munthuyo osacheuka.

Zimenezi munthu sakana. Ngakhale mlendo akupemphe pamsewu, umagwira. Manja a a Tarlochan analandira nsaluyo mutu usanaganize.

Inali youma gwa, yonyikidwa m'madzi a mpunga monga ankachitira kale. Masiku ano ndani amavutika choncho? Inkanunkha sopo wakale uja wamtanda. Pansi pa sopoyo panali kafungo kena. Parafini.

"Bwerera m'mbuyo."

Anabwerera. Nsalu inatambasuka pakanjira, ikudutsa pamwamba pa mapazi a anthu ogona. Inakhudza chala cha gogo wanthabwala uja. Gogoyo sanatakataka. Mkonono wa Swaran unali utaleka. Bogi yonse inali phee, ngati mulibe munthu wopuma.

Zala za a Tarlochan zinayamba kupinda m'mbali mwa nsalu, zokha, ngati zinachitapo dzulo lomweli.

"Koka Nikke. Ukukoka ngati sunadye."

Anthu onse amene ankadziwa dzina limenelo anali atamwalira.

A Tarlochan anayembekeza kuti mtima udumpha. Sunadumphe. Anaona manja awo akukoka, anamva nsalu ikukungika, koma zinali ngati akuonerera munthu wina. Pakamwa pawo panatseguka.

"Achimwene."

Munthuyo anali ataluma kale nsonga yake. Anayamba kukulunga. Akazunguliza kamodzi, nsalu inkafupika, a Tarlochan n'kusendera phazi limodzi. Kachiwiri, phazi lina. Kachitatu.

Sitima inayamba kuchepetsa liwiro.

Panalibe siteshoni. Pawindo panalibe nyali ngakhale imodzi, mdima wokhawokha. Magudumu analira, n'kukhala chete.

Kenako chinamveka, chapatali, kumbuyo kwa sitima. Ngwee. Chitsulo pabogi. Ngwee, ngwee. Mapazi ambiri pamiyala ya njanji. Anthu ake sankayankhula. Ankangobwera, bogi ndi bogi.

Chimbudzi chinali pomwepo, kudzanja lamanzere. Chitseko chake chinali chosatseka, chikugwedera pang'onopang'ono. A Tarlochan anachiyang'ana. Anadziwa kuti ndi masitepe awiri okha. Thupi lawo linkawakumbukira masitepewo.

Ngwee. Tsopano inali bogi yawo.

Anakulunga nsalu ija padzanja, kawiri, katatu, n'kufumbata.

Chitseko cha bogi chinatseguka chokha. Munalowa mphepo yozizira ndi utsi. Manja sanawaone, anangoona munthu uja akuzuka cham'mbuyo, kutuluka pakhomo ngati thumba. Nduwira yomanga theka inamasuka yonse. Nsalu inakungika nganganga. A Tarlochan anagwa chogwada, n'kukhwekhwerezeka mpaka pakhomo. Phazi limodzi analiponda pachitsulo cha khomolo. Linalo linali kale kunja.

Sitima inagwedezeka, n'kuyamba kuyenda.

Ndi pamene anamuona nkhope. Anali pansi pamiyala, atagwada, nsonga ya nsalu ili m'mano. Mnyamata ndithu, ndevu zake zakuda bii, dzino lakutsogolo lobenthuka la Amrik lili pomwepo. Mwana woti a Tarlochan akanatha kumubereka. Sankalira, sankakalipa. Anangoyang'ana imvi za mng'ono wake, n'kuyang'ana dzanja lokulungidwa nsalu lija.

"Sindisiya, achimwene!" anakuwa a Tarlochan. "Ndikuti sindisiya!"

Sitima inawonjezera liwiro. Nsalu inayamba kudya mnofu. Phewa linalira. Phazi la pachitsulo lija linayamba kuterereka, pang'ono, pang'ono, ndipo anadziwa kuti kwatsala kamphindi kuti atuluke. Sanasiye.

Amrik anatsegula pakamwa.

Nsalu inalefuka. A Tarlochan anagwera m'kati chagada. Mdima unameza zonse za kunjako.

Anawapeza kukucha, sitima ikudutsa m'minda ya ku Punjab. Anawapeza ndi mkulu wogawa mabulangete m'bogimo, bambo wachikulire wa msana wopindika. Chitseko chinali pululu. A Tarlochan anakhala tsonga pakhomopo, mwendo umodzi uli lende kunja, nsalu yapinki ikuuluka m'mbali mwa sitima. Mkuluyo anawakokera m'kati, anakoka nsalu yonse, n'kutseka.

Swaran anabwera wosavala ndi mpango womwe. "Mayo ine! Bambo a Jasleen, mwatani? Mukufuna ndikafike ku Amritsar ndili wamasiye? Nanga chinsalu ichi mwachitenga kuti?"

Inderpal anafika akumanga mabatani. "Chacha ji, mundiphetsa ine! Ndikanakawauza chiyani ana anu?"

"Sitima inaima," anatero a Tarlochan.

"Inaima kuti?" anafunsa Inderpal. "Kuchokera cha m'ma wani koloko sinaime paliponse mpaka pa Ambala. Ine ndinali maso, mimba inandivuta."

Anthu anasonkhana pakanjira. Wina anati ndi shuga, amazunguza mutu. Wina anati akuluwa amayenda kutulo. Inderpal anazungulira bogi yonse kufunsa amene wataya nduwira. Aliyense yake inali kumutu, ndipo panalibe wonyamula yapinki.

Mkulu wa mabulangete anadikira mpaka anthu atabalalika kukalongedza. Kenako anaweramira kwa Swaran, mawu ali pansi.

"Mayi, ine njanji ino ndayendapo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Mwezi ngati uno, pamalo paja, amabwera. Amapempha munthu amugwirire nsalu. Anthu anayi andiuzapo, mmodzi anali msilikali. Onse zitsulo zikangoyamba kulira amasiya, n'kuthawa. M'mawa sitipeza kanthu." Anayang'ana nsalu ija, koma sanaikhudze. "Kuti itsale m'sitima, n'koyamba."

Swaran anakhala pansi pomwepo pakanjira, maondo ake ovuta osawaganizira. Anayesa kumasula dzanja la mwamuna wake. Zala zinali gwa ngati zamtengo. Pamkono, m'mene munadutsa nsalu, khungu linali litasupuka.

"Tamasulani, bambo. Tafika."

"Sindinali m'bogi ina, Swaran."

Mayiyo anasiya kukoka zala zija.

"Tsiku lija. Ndinali uku, achimwene ali uko. Ndinawagwirira nsalu yomweyi. Ndinasiya ndine." Ankayankhula ndi mawu omwe aja ogulitsira matayala a njinga. "Usiku uno sindinasiye. Mulungu ndi mboni, sindinasiye. Asiya ndi iwo."

"Ndiye kuti akukhululukirani," anatero Swaran, misozi ili chuchuchu.

"Kaya. Mwina sanafune kuti ndiwatsate. Mwina sanafune ndikhale nawo pafupi. Sananene."

Sitima inalowa mu Amritsar dzuwa litakwera. Inderpal anaima papulatifomu atakweza kambendera kake, akuitana mayina. Atafika pa dzina la a Tarlochan anawakumbutsa za kampango kaja. Iwo anakatulutsa m'thumba ndi dzanja lamanzere, n'kumubwezera.

"Swaran, tandigwirirako."

Mayiyo anaika chikwama pansi. Anatambasula nsalu ija pakati pa anthu odutsa, akuilondola ndi zala mpaka kunsonga inayo. Atangoigwira anaima chilili, nkhope itasintha.

Nsalu yonse inali youma, itawombedwa ndi mphepo usiku wonse. Nsonga yokhayo inali yonyowa, ndipo inali yofunda. Panali mzere wa mano, wooneka bwinobwino, ndi kampata pakati pomwe pali dzino lobenthuka.

"Ndisiye?" anafunsa Swaran monong'ona.

"Usasiye."

Anakoka. Ndi pamene mkono uja unayamba kupweteka. Ululu unakwera kuchokera m'zala mpaka pachifuwa, woopsa, wosapiririka, ndipo a Tarlochan anaima pakati pa siteshoni, nsalu ili m'manja, n'kubuula ngati mwana.