Chibangili pa Sipoko

Uthenga unafika m'mawa kuti bambo, amene ankakonza makina kumsasa wa okumba miyala, alumidwa ndi njoka. Mankhwala anali kuno, iwo kutsidya kwa chigwa. Mwana wawo wamwamuna, makaniko wodzitama, analiza njinga yamoto. Mlongo wake wamkulu anakwera kumbuyo atakumbatira bokosi la mankhwalawo.

Dzuwa lili paliwombo, mwala wakuthwa unang'amba tayala lakumbuyo. Chubu chapadera anali nacho, koma tayala linali litatheratu. Kumbuyo kwawo moto wolusa unkadya udzu. Makaniko anagwira njakata.

"Kagalimoto kosiyidwa kaja tadutsa pokhota," anatero mlongo wake. "Kagulule tayala."

"Achemwali, la galimoto pa njinga?"

"Thamanga, tikangana mawa."

Mlongoyu bambo sanamuphunzitseko ntchito. Ankati sipanala si ya ana aakazi, ndiye iye ankangoonera pakhomo. Lero, makaniko atabwera nalo tayala, mlongoyo anapaka sopo m'mphepete mwake, nkulikanikiza ndi zidendene mpaka linalowa pa limu. Analimanga chingwe mozungulira, makaniko nkupopa. Phu! Linakhazikika.

"Tiyeni!" anakuwa makaniko, utsi ukumuyabwa m'maso.

"Kuthamanga sikufika. Likamanjenjemera litigwetsa, botolo lisweka."

Mlongoyo anapachika gudumu pachitsulo chake pakati pa miyala iwiri nkulizunguza. Mbali yolemera inatsikira pansi. Anakulunga waya pa masipoko a mbali yopepuka, nazunguzanso. Linabwerera pomwepo, ndipo waya anali atatha. Anavula chibangili chamkuwa chimene anamusiyira malemu mayi awo, nkuchipinda pa sipoko. Tsopano gudumu linkaima paliponse pamene walisiya. Makaniko anachita manyazi, komanso anamunyadira mlongo wakeyo.

Ananyamuka phulusa likuwagwera pamapewa. Pokhota njinga inkalimba ngati ng'ombe yokana goli, koma pamchenga wa mtsinje wouma tayala lotambalala lija silinatitimire.

Anawapeza bambo mwendo utatupa, akupumira m'mwamba. Jakisoni anabayidwa nthawi ikadalipo.

Patatha sabata onse anali kunyumba. Bambo anatsimphina kupita panjinga, nazunguza gudumu, naliyang'ana mpaka linaima.

"Wandiposa, mwana wanga," anauza makaniko.

"Si ine, bambo."

Mkuluyo anakhudza chibangili chija, nachizindikira. Kenako anatulutsa makiyi a bokosi lake la zitsulo, nawaika m'manja mwa mwana wake wamkazi.