Ulusi M'magiya a Njinga ya Boureima

Boureima anafika pakhomo pathu tsiku la msika, dzuwa lili paliwombo, akukankha njinga tcheni chili lendee. Inali njinga zakale zija za matayala onenepa ndi magiya ambirimbiri, zimene zimabwera kuno zitatopa kale.

Asseta, mdzukulu wanga, anali pansi pa mtengo wa nimu, pamene malemu bambo ake ankakonzera njinga. Masipanala anamusiyira ndi iwowo, luso lomwe. Mbali yathu ino ya tauni ya Koudougou njinga ikadwala imabwera kwa iye.

"Odi! Amisiri ali kuti?"

"Mukulankhula nawo," anayankha Asseta.

"Inuyo? Ndi timanja timeneto?"

"Timanja timeneti ndi timene tikukwezeninso panjinga, achimwene. Ngati simukufuna, pitirizani kuikankha ngati bulu wokana ulendo."

Mnyamatayo anaseka, mano mbee! Ine ndinali pakhonde ndikusenda mtedza, ndipo kusekako sindinakukonde. Atsikana inu, munthu woyamba kuseka asanapereke moni kwa akulu muzimuyang'ana kawiri.

Asseta anagadamiza njinga ija, n'kuzungulitsa pedulo ndi dzanja.

"Tcheni chatha. Mano a magiya akumbuyowa asongoka ngati minga. Mukasintha tcheni chokha, chizidumpha. Ziwirizi zimakalambira limodzi, ndiye zimasinthidwanso limodzi."

"Zokalambira limodzizo n'zimene ndikusaka ine," anatero mnyamata uja, maso ali pa Asseta, njinga ataiiwala.

Ha! Ndinatsokomola mokweza. Palibe anandimva.

Kuyambira tsiku limenelo foni ya Asseta sinapumenso. Ine kusukulu sindinapondeko, zilembo kwa ine ndi nyerere chabe, choncho mwanayo ankandiwerengera yekha, uku akubisa nkhope m'nsalu.

"Kammisiri kanga, mtima wanga unachita dzimbiri, wauthira mafuta ndiwe."

Mawa lake ina: "Uchi wanga, ndikadya osakuona chakudya chimangokhala mchenga."

Kenaka yaikulu inabwera: "Ndikulumbira, tikangokolola mapira, amalume anga abwera ndi kola, mtedza uja wofunsira mbeta, kudzakupempha. Ndilibe wina, sindinakhalepo ndi wina. Ndiwe woyamba, ndiwe wotsiriza."

"Agogo, mwamva?"

"Ndamva. Kwawo ndi kuti?"

"Amakhala yekha kuseri kwa msika, amagwira ntchito pachigayo pomwe paja."

"Mayi ake unawaona? M'bale wake ngakhale mmodzi?"

"Inu agogo! Mumaopa chilichonse. Mvula mumaopa, galimoto mumaopa, nkhuku ikakuyang'anitsitsani mumati yatumidwa!"

Zoona, ndimaopa. Nanga si mantha omwewo andifikitsa pa imvi? Mwana wanga ndinaika m'manda, mpongozi wanga ndinaika m'manda. Amene ndinatsala naye ndi mmodzi yekhayu. Ndimupereke kwa munthu amene kumbuyo kwake sikuoneka?

Patapita miyezi inayi, mapira atayamba kuwerama, njinga ija inabweranso. Tcheni chinkadumpha, kha! kha! munthu akangoponda mwamphamvu.

Asseta anachikoka ndi zala ziwiri pa giya lakutsogolo. Chinanyamuka mpaka mano kuonekera pansi pake. Nkhope ya mwanayo inasintha, ndipo ine ndinaika lichero pansi.

"Boureima, tcheni ichi ndinaika ndekha. Kuchoka kwanu kufika pachigayo ngakhale agogo amayenda wapansi osapumira. Chatha bwanji miyezi inayi?"

"Fumbi, duwa langa. Fumbi la kuno limadya zitsulo."

"Fumbi ndimalidziwa. Awa ndi matope akudimba. Ndipo kaliyalayu wapindika, wakhala akusenza matumba."

Anamasula timawilo tiwiri tija timene tcheni chimadutsamo kumbuyo, natenga singano kuti achotse litsiro. Singanoyo inakola chinthu. Anakoka, nakoka, nakokabe. Ulusi wabuluu, wautali kuposa mkono, woyoyoka m'mphepete mwa nsalu ya munthu wamkazi!

"Uwu ndi wa ndani?"

Boureima anaseka, koma mano sanaoneke.

"Aa, mlongo wanga ameneyo! Amabwereka akamapita ndi anyezi kumsika. Sindinakuuze?"

"Mlongo wakoyo ali ndi dzina?" Ndinafunsa ndine, ndili pakhonde pompo.

Anayang'ana kumwamba. Anayang'ana pansi.

"Zalissa, agogo."

Kenaka anagwada pa dothi lamafutalo, buluku lake loyera osalimvera chisoni, nagwira manja akuda a Asseta.

"Ukundikayikira, mtima wanga? Ndichite kung'amba chifuwachi kuti uone dzina lili m'katimu? Sabata ziwiri zokha, kola afika pakhomo pano. Ngati ndikunama, miyendo iyi isadzapalasenso njinga!"

Misozi inalengeza m'maso mwa Asseta. Anataya ulusi uja. Ine ndinautola, n'kuumanga pa mfundo ya nsalu yanga.

Njinga inatsala pakhomo. Ulendo uno giya lakutsogolo nalo linali litatha, ndipo la mtundu umenewo limasowa. Asseta anazungulira msika masiku awiri, kufukula milu ya zitsulo zakale, kuwerenga mano ndi chala, mpaka analipeza.

"Mwana wanga," ndinamuuza akutsuka zitsulozo m'palafini, "dzina la mlongo wako sulisakasaka kumitambo. Limakhala pamlomo."

"Agogo, mukufuna ndikalambe ndi masipanala? Amalume ndawauza kale. Anzanga onse akudziwa. Kodi munthu akandikonda ine ndiye kuti ndi wakuba?"

Mawuwo anandilasa. Ndinalowa m'nyumba. Nanga ngati ndikulakwa ndine? Nanga ngati mantha angawa ndi amene adzamusiye yekha ine ndikadzapita?

M'mawa wa tsiku lachitatu, Asseta akulumikiza tcheni chatsopano, panamveka odi wotsika. Anali mayi wamng'ono, wamfupi, mwana kumsana, mapazi ali psuu ndi fumbi. Nsalu yake inali yabuluu, m'mphepete moyoyoka.

Dzanja langa linapita lokha pa mfundo ija.

"Pepani, ndafunsa makomo anayi," anatero mayiyo. "Ndikusaka njinga iyo. Anyezi akundiwolera kudimba, masiku atatu osapita kumsika. Ine ndine Zalissa."

Asseta anadumpha, sipanala n'kugwa.

"Zalissa! Agogo, mwaona? Alipodi! Alamu anga, khalani pansi, khalani!"

Anathamangira m'nyumba, nabwera ndi chikho cha madzi a chidede, akuseka ngati mwana. Anandiyang'ana ndi diso lija lakuti, nanga simunanene? Ndipo ine mumtima ndinapempha Mulungu kuti ndikhale wochita manyazi ndine.

Mayiyo anamwa, napukuta pakamwa.

"Zikomo. Koma ulamuwo ukuchokera mbali iti, achemwali? Amisiri enieni ali kuti? Bambo a mwanayu anati njinga ili kwa nkhalamba ina yandevu."

"Bambo a mwanayu?" anafunsa Asseta.

"Boureima. Mwamuna wanga."

Ngakhale nkhuku zinaleka kupalasa.

"Boureima wa pachigayo?" Mawu a Asseta anatuluka ngati a munthu wodwala.

"Yemweyo. Chaka chachinayi chino tili pabanja. Masiku a ntchito amagona m'tauni, Loweruka amabwera kumudzi. Njingayi ndi yanga, anandipatsa bambo anga pokwatiwa. Iyeyu amangoitenga akafuna kutchena." Anaima kaye, nayang'ana nkhope ya Asseta, nayang'ana yanga. "Inu anakuuzani kuti ndine ndani?"

"Mlongo wake."

Zalissa anaseka kamodzi kokha, kuseka kouma. Anasuntha mwana kumsana, naika chikho pansi bwinobwino.

"Mlongo wake. Chabwino. Mtsikana wa chaka chatha anamuuza kuti ndinamwalira. Ndakwezedwa."

Ndinkadikira kuti Asseta akuwe, kapena agwe, kapena aphwanye njingayo ndi hamala. Mmene ndimaopera ine, ndinali nditaima kale pakati pawo. Koma mwanayo anangotola sipanala yake.

"Muitenge mmene ililimu ngati zikukuvutani," anatero Zalissa. "Ndikankha."

"Ayi. Mumakwera ndi mwana. Njinga yosatha siituluka pakhomo pano."

Anagwira ntchito osadzutsa mutu. Misozi inkagwera pa tcheni, iye osaipukuta. Anamanga giya, nazungulitsa pedulo, nasintha magiya limodzi limodzi kuyambira lalikulu mpaka laling'ono, khutu lili pafupi. Pamene panakhula anapotoza kabawuti pang'ono, nayesanso. Kenaka tcheni chinayenda myaa, osadumpha.

Anaimika njinga ija.

"Takwerani, ndione."

Zalissa anakwera. Zala zakumapazi zinkangokhudza mapedulo, chifukwa chishalo chinali m'mwamba, pa msinkhu wa Boureima, amene ndi wamtali ngati nsungwi.

Asseta anatsitsa chishalocho mpaka phazi la mayiyo linakhala bwino. Kenaka anachotsa kachitsulo kaja kotsegula ndi dzanja, kamene munthu amakwezera chishalo akafuna. M'malo mwake analowetsa bawuti, naimanga ndi mphamvu zake zonse, natenga hamala n'kuphwanya nsonga yake. Kho! Kho! Kho! Palibe sipanala ingamasulenso pamenepo.

"Akafuna kukwera, mawondo azimugunda pachibwano," anatero.

Zalissa anayang'ana bawuti ija nthawi yaitali.

"Ndikamuuze chiyani?"

"Mukamuuze kuti nkhalamba yandevu ija yati asadzapondenso pakhomo pano. Kola wakeyo akatafune yekha."

Mayiyo anamangitsa nsalu yake m'mwamba kuti isakodwe, napalasa. Tinamuyang'ana mpaka anakhota pa mjigo, kamutu ka mwana kakugwedezeka kumsana.

Pamenepo Asseta anakhala pansi pa dothi, nandikumbatira m'mawondo ndi manja amafutawo.

"Nenani, agogo. Nenani kuti munandiuza."

Atsikana inu, moyo wanga wonse ndakhala ndikuchenjeza anthu, ndipo mawu sanandisowepo. Koma tsiku limenelo machenjezo ndinawaika pambali. Ndinakhala naye pansi pomwepo, n'kugoneka mutu wake pamiyendo panga.

"Lira, mwana wanga. Kwa amalume ako ndikanena ndine."