Dzira Limene Yaw Anapatsa Amayi Ake

Kwa a katekisiti Dankyi, ku Nsuoase, chitseko sichinkatsekedwa masana. Aliyense wodutsa ankaitanidwa kudzadya fufu, nsima yakumeneko, ndipo palibe amene ankafunsidwa kuti wadzatani. Yaw, mwana wawo yekhayo wamwamuna, anakulira m'nyumba imeneyo. Ine ndinamuphunzitsa masamu kusukulu ya mishoni, ndipo ndinali m'gulu la anthu omwe tinamunyamula m'mwamba tsiku limene anakhala phungu wathu ali ndi zaka makumi atatu zokha. Chisanathe chaka anamupatsa unduna.

Ku Accra, likulu la dziko, anakatola bwenzi, dzina lake Nimo, munthu wolankhulira kukhutu ngakhale akungofunsa za mvula.

"Olemekezeka, mwaona mmene wakupatsirani moni wapampando wa chipani uja? Sanakuyang'aneni kumaso. Ameneyo wagulidwa."

Poyamba Yaw ankaseka. Kenako anasiya kuseka n'kuyamba kuwerenga nkhope za anthu.

Patatha zaka ziwiri anachotsedwa pa unduna, monga zimachitikira nduna zambiri, koma Nimo anali nalo kale yankho. "Wakunenezani ndi wakwanu komwe. Mwina mumadya naye mbale imodzi."

Kuyambira pamenepo Yaw akabwera kumaliro Loweruka ankanyamula madzi ake akumwa. Dalaivala anamuchotsa ntchito chifukwa chomupeza akuseka pafoni. Tsiku lina anakankhira kumbali msuzi wa mtedza umene anaphika amayi ake, Maame Pokuaa, n'kufunsa kuti kukhitchini kunalowa ndani.

"Kunalowa ine," anatero mayiwo. "Ndilawe kaye?"

Bambo ake anamuitanira pakhonde. "Mwana wanga, anthu awa anakusankha usanawapatse kanthu. Ukayamba kuwapima mitima, uwataya. Mchotse mnzako wonong'onayo."

"Bambo, inu mumadziwa za tchalitchi. Ndale ndisiyireni ine."

Chisankho cha chipulula chinayandikira, ndipo mpando wauphungu ndiwo wokha unali utamutsalira. Nimo anabwera ndi nzeru yake: nthumwi zonse za chipani zipite kumtsinje, aliyense alandire envulopu ya ndalama, aswe dzira, athire mowa pansi, alumbire kuti mtsinjewo umuphe akavotera wina. Mwana wa katekisiti anavomera. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Ife nthumwi tinaitanidwa ngati kumsonkhano wamba. Tinangodabwa mabasi akutitsitsa m'mbali mwa mtsinje dzuwa lili pamutu, mathireyi a mazira ali ndandanda pamchenga. Kunena zoona, ambirife tinali ake kale, ndipo tikanamuvotera osalandira ngakhale ndalama ya sidi imodzi.

Pamzerepo panalinso Maame Pokuaa, chifukwa ndiwo ankatsogolera amayi a chipani m'mudzi mwawo. Ine ndinkati Yaw awadumpha. Anazengereza ndithu, koma Nimo anamunong'oneza kanthu, ndipo anatola dzira n'kuwapatsa.

"Ndi ine ndemwe, Yaw?"

"Aliyense, Amayi. Ngati mulibe chobisa, mukuopa chiyani?"

Mayiwo anabwezera dziralo m'thireyi mosamala kuti lisasweke, anakonza nsalu yawo, n'kuuyamba wapansi kubwerera ku Nsuoase. Amayi anzawo anawatsatira, kenako ife tonse. Mkulu wina wolima koko anauza Yaw podutsa, "Iwe wokayikira mayi ako, ife ungatikhulupirire chifukwa cha dzira?"

Pa nthumwi mazana asanu ndi limodzi, Yaw anapeza mavoti khumi ndi anayi. Sabata yotsatira tinamuona Nimo akutsegulira chitseko cha galimoto munthu amene anapambanayo, akumunong'oneza kukhutu.

Yaw ali ku Nsuoase konkuno, m'nyumba yake ya mpanda wautali. Sindinganene kuti walapa. Mwezi watha anandiimitsa pamsika atawonda, maso akuponya uku ndi uku.

"Aphunzitsi, pa khumi ndi anayi aja, amayi anga analipo?"

"Kawafunse wekha. Kunyumba si kutali."

"Koma angandiuze zoona?"

Ndinamumvera chisoni.

Achinyamata inu, chenjerani ndi munthu wokuuzani kuti onse okukondani ndi adani anu. Kukayikira aliyense si nzeru, ndi tchimo, ndipo limadya mwini wake. Mukalilola mudzatsala nokha, ndipo ngakhale amayi anu atakuyankhani zoona simudzatha kuwakhulupirira.