Nkhope Imene Nayeli Anakana Kupenta

Nayeli Barraza anakumana ndi Eliseo pakhomo penipeni pa Casa Pitaya, nyumba yathu ya zaluso ya kum'mwera kwa mzinda wa Tucson. Dzuwa la Ogasiti linkaotcha ngati munthu analilakwira. Nayeli ankatuluka ndi chidebe cha madzi otsukira maburashi, mnyamatayo ankalowa atasenza matabwa, ndipo thabwa limodzi linagunda chidebe chija. Madzi ofiira onse anathera pa bulauzi yoyera ya Nayeli.

"Koma achimwene inu! Maso munaiwala m'basi?"

"Maso ndili nawo, achemwali. Kungoti anasiya njira n'kuyang'ana inu."

"Mawu amenewo mumauza atsikana angati pa tsiku?"

"Lero ndinu woyamba."

"Lero!"

Nayeli anafuna kukwiya koma kuseka kunamupambana. Anamuyang'ana bwino: wamtali, wamanyazi pang'ono, chipsera chitadula nsidze yakumanzere pakati. Nayeli anali mphunzitsi wa zojambula pamalopo, ndipo chaka chilichonse pa Tsiku la Akufa ndiye ankapenta nkhope za anthu kuti zioneke ngati zigaza zamaluwa. Nkhope ankazidziwa monga m'busa adziwira nkhosa zake. Iyi anaisunga mumtima tsiku lomwelo.

Eliseo anali kalipentala wochokera ku Sonora, kutsidya kwa malire. Doña Chayo, mayi wokalipa amene ankayendetsa Casa Pitaya, anamulemba ganyu yokonza pansi pa chipinda chovinira. Ntchito ya sabata imodzi inatenga mwezi wathunthu, ndipo tonse tinkadziwa kuti vuto silinali matabwa.

Foni ya Nayeli inasiya kupuma ndi mauthenga a Eliseo.

"Kambalame kanga, wadzuka bwanji? Khofi wanga lero sakukoma. Ndikuganiza kuti akusowa iwe."

"Akusowa shuga, wopusa iwe. Ndani amamwa khofi wa sinamoni wopanda shuga?"

"Shuga ndimusiyira iwe, wokondedwa. Awiri m'kapu imodzi angandiphe."

Zachibwana, eti? Koma Nayeli ankawerenga mauthengawo mobwerezabwereza mpaka batire kutha. Eliseo anamusemera kambalame kakang'ono ka mtengo wa mesikiti, kenaka mphete ya mtengo womwewo. Poiveka pa chala chake, kuseri kwa khoma lojambulidwa alimi a m'minda ya mphesa, anagwada pafumbi.

"Yagolide ikubwera. Pa Tsiku la Akufa, chikondwerero chikatha, ndidzaima pamaso pa bambo ako. Imfa yokha ndi imene idzatilekanitse, kambalame kanga."

Chinthu chimodzi chokha Eliseo ankakana: kujambulidwa chithunzi. Wina akangokweza foni, iye ankatembenuka kapena kubisa nkhope ndi chipewa. Nayeli sanafunse. Kwathu kuno munthu akakana chithunzi sitimufunsa chifukwa. Timadziwa kuti ambiri anadutsa m'chipululu opanda mapepala olowera m'dziko muno, ndipo kufunsa ndi mwano. Ulemu wathu womwewo ndi umene unamuphimba Nayeli m'maso.

Okutobala atafika, Doña Chayo anapatsa Eliseo ntchito yomanga guwa lalikulu la m'holo, pomwe mabanja amaika zithunzi za abale awo omwalira. Analimanga lokongola, la masitepe okwera. Sitepe yapamwamba inali ya iwo amene anafera m'chipululu podutsa malire, ambiri mwa iwo opanda ngakhale manda.

Masana a tsiku loti mawa ndi chikondwerero, Eliseo anali ku ganyu ina. Nayeli ankalandira mabanja, kuwathandiza kuyala maluwa achikasu ndi makandulo. Kenaka analowa mayi wachitsikana, woonda, atavala yunifolomu ya okonza zipinda m'hotela, atakumbatira chikwama pachifuwa.

"Zikomo, achemwali. Ndamva kuti pano mumalandira ngakhale a ife achilendo. Dzina langa ndine Rosalba."

"Takulandirani. Mwabweretsa ndani?"

"Mwamuna wanga. Ananyamuka kwathu ku Sonora zaka zinayi zapitazo. Mnzake amene anayenda naye anabwerera yekha. Anati anamusiya pansi pa mtengo, ludzu litamumaliza." Anakumbatira chikwama chija mwamphamvu. "Ndinabwera kuno chaka chatha kudzafunafuna mafupa ake. Sindinawapeze. Ndiye ndati, bola akhale ndi kandulo."

Nayeli anamugwira dzanja. Nkhani zotere anali atazimva zambiri, koma sizizolowereka.

Rosalba anayamba kutulutsa zimene womwalirayo ankakonda, monga mwa mwambo. Matamale, mikate ya ufa yokulungidwa m'makoko a chimanga. Kabotolo ka khofi.

"Wa sinamoni," anatero akumwetulira mwachisoni. "Wopanda shuga. Ankati shuga wake ndine."

Nayeli anasiya kuyala maluwa. Amuna ambiri amanena zimenezo, anadziuza yekha. Ambiri!

Kenaka panatuluka kambalame ka mtengo, kakuda ndi kugwiridwagwiridwa.

Kenaka chithunzi.

Mnyamata wovala malaya oyera a ukwati, akuseka, chipsera chitadula nsidze yakumanzere pakati. Pansi pake panalembedwa dzina: Eliseo Quijada.

"Achemwali, muli bwino? Mwasintha nkhope."

"Ndi fungo la maluwali," anayankha Nayeli. "Limandizunguza mutu."

"Anali munthu wabwino," anapitiriza Rosalba, akupukuta galasi la chithunzi ndi mkono wa yunifolomu. "Tsiku lonyamuka anandiuza kuti, 'Imfa yokha ndi imene idzatilekanitse, kambalame kanga.' Ndipo anasunga lonjezo lake. Mungandiikire pamwamba paja? Ine sindifikira."

Nayeli anakwera makwerero. Ndi manja ake omwe, mphete ya mtengo ili pa chala, anaika chithunzi cha bwenzi lake pa sitepe imene bwenzi lakelo linakhoma. Atatsika anathamangira m'chipinda chosungira penti, natseka chitseko, nalira mpaka mawu kutha.

Foni inalira. Unali uthenga wa Eliseo. "Mawa ndi mawa, kambalame kanga! Ndagula malaya atsopano. Bambo ako amakonda abuluu kapena oyera?"

Akanayankha chiyani? Amuuze Rosalba? Nanga akakhala chete, ndani angadziwe? Mayiyo anali atalira kale maliro ake, atazolowera. Kodi kunali kulakwa kusiya wakufa akhale wakufa? Nayeli anadzida chifukwa cha maganizo amenewo, komabe anawaganiza. Ankamukonda munthuyo. Chikondi sichitha tsiku limene wamva zoona, ndipo pamenepo ndi pomwe chimapwetekera.

M'mawa wa chikondwerero, Casa Pitaya inadzaza. Ng'oma za ovina zinkagunda panja, fungo la lubani ndi buledi wa akufa lili ponseponse. Nayeli anali m'kachipinda ka pambali pa holo, akupenta nkhope imodzi pambuyo pa inzake, maso ali otupa. Bambo ake, Don Heriberto, anali atakhala kale pa benchi panja, atavala jekete yawo ya ku tchalitchi, akudikira mnyamata amene mwana wawo anati adzawalankhula.

Mwadzidzidzi Eliseo analowa ngati wothamangitsidwa ndi galu. Anatseka chitseko, nakhala pampando, thukuta lili kamukamu pa malaya atsopano oyera.

"Ndipente, Nayeli. Msanga! Yoyera yambiri, nkhope yonse."

"Iwe amene sufuna penti pankhope? Wadziona pa guwa, eti?"

Eliseo anapukuta thukuta pamphumi.

"Ndinakuika ndine pamenepo," anatero Nayeli. "Mkazi wako sanafikire."

"Kambalame kanga…"

"Usanditchule choncho! Uli ndi timbalame tingati, Eliseo? Umatisema tambiri nthawi imodzi kuti usavutike?"

"Ndimvere kaye. Sindinakonze zimenezi. Anandisiyadi pansi pa mtengo. Anthu ena anandipeza, anandimwetsa madzi. Pamene ndinachira ndinamva kuti kwathu maliro anachitika kale. Ndinalibe ntchito, ndinalibe chotumiza, ndinkagona m'galimoto la munthu. Ndinati ndiimba ndikapeza kenakake. Mwezi unatha, chaka chinatha. Kenaka manyazi anakula kuposa ine. Kukhala wakufa kunali kosavuta, Nayeli."

"Kosavuta kwa ndani? Iye akuyenda m'chipululu kufunafuna mafupa ako!"

"Ndikudziwa. Ndine galu, ndikuvomera. Koma iwe ndimakukonda zenizeni, Mulungu mboni. Ndipente, tidutse lero lokha. Ndilankhula ndi bambo ako nkhope ili yopentedwa, lero aliyense ndi chigaza, palibe adzadabwe. Sabata yamawa tinyamuke, tipite ku Albuquerque, kulikonse. Rosalba analira kale. Ukamuuza, umupha kawiri."

Anamugwira manja, misozi ili m'maso. Anali maso omwe aja amene anasiya njira n'kuyang'ana iye.

Nayeli anatenga burashi. Anaiviika mu penti yoyera. Dzanja lake linkadziwa nkhope imeneyi kuposa ina iliyonse: pomwe tsaya limalowa akaseka, pomwe ndevu zimakana kumera. Mphindi zochepa chabe, chipsera chija chikanabisika pansi pa duwa lofiira, ndipo Eliseo akanakhala wake. Anajambula mzere umodzi woyera pamphumi.

Kunja kwa chitseko kunamveka mawu a Rosalba, akufunsa Doña Chayo mwaulemu ngati n'kololedwa kuyatsa kandulo yachiwiri, poti mwamuna wake ankaopa mdima.

Nayeli anaika burashi pansi. Anatenga kansalu konyowa, napukuta mzere uja pang'onopang'ono, mwachikondi, ngati mayi wosambitsa mwana.

"Chaka chilichonse ndidzakhala ndikuyang'ana chithunzi chako pamwamba paja, ine ndikudziwa kuti uli kunyumba kwanga ukumwa khofi? Ayi, Eliseo. Sindingathe."

"Nayeli, chonde!"

Anatsegula chitseko. "Achemwali Rosalba! Tabwerani kuno."

Rosalba anabwera atanyamula mbale ya matamale otentha. Anaima pakhomo. Sanakuwe, sanakomoke, ngakhale mbale sanaigwetse. Anaiika bwinobwino patebulo pakati pa mabotolo a penti, anayandikira, nakhudza chipsera chija ndi chala chimodzi.

"Mwanenepa," anatero.

"Rosalba, ndikhululukire…"

"Amayi anu anamwalira chaka chatha akutchula dzina lanu. Ndinawaika ndine. Ndinagulitsa mbuzi zathu kuti ansembe akupempherereni. Ndayenda m'chipululu ndi ndodo, kutembenuza mafupa a anthu ena, kupempha Mulungu kuti ena akhale anu." Anatembenukira kwa Nayeli, naona mphete ya mtengo ija. Anaiyang'ana nthawi yaitali. "Nanunso ndinu kambalame?"

Nayeli anagwedeza mutu movomera, misozi ikutsika.

Doña Chayo anali ataima kumbuyo, manja m'chiuno. "Chikomekome cha mkuyu! Tuluka, mnyamata iwe. Tulukira khomo lakumbuyo, Don Heriberto asanadziwe kuti avalira jekete munthu wakufa."

Eliseo anayang'ana mkazi uyu, nayang'ana uyo. Palibe anamuyang'ana. Anatuluka, nkhope ili poyera.

"Mwana wanga," Doña Chayo anatero kwa Rosalba, mawu atafewa, "ndibweretse makwerero titsitse chithunzi chija? Wamoyo sakhala pa guwa."

"Chisiyeni, mayi. Amene ali pa chithunzipo ndi amene ndinakwatiwa naye. Ameneyo sanatuluke m'chipululu."

Anatenga mbale yake, nabwerera ku guwa.

Nayeli anakhala yekha. Foni inanjenjemera patebulo. "Kambalame kanga, ndili pa siteji ya basi. Ukabwera, tipita limodzi. Ndikudikira." Kenaka uthenga wina. "Wokondedwa, ndiyankhe." Ankafuna kupita, tisaname. Miyendo inkafuna, mtima unkafuna. Anafufuza m'foni monse kuti aone nkhope yake komaliza, ndipo m'pamene anakumbukira kuti alibe chithunzi chake ngakhale chimodzi.

Chithunzi chokhacho chinali cha mwini wake, pamwamba pa guwa.

Anadutsa pakati pa anthu a nkhope za zigaza amene iye mwini anawapenta. Anakoka makwerero, nakwera. Anavula mphete ya mtengo, naiika pambali pa kambalame kakuda ka Rosalba.

Pansi, Rosalba anamutambasulira machesi. Nayeli anayatsa kandulo yachiwiri ija.

Atatsika anapeza bambo ake ataima pakhomo la holo, chipewa chili m'manja, akuyang'ana uku ndi uku.

"Mwana wanga, mnyamata uja ali kuti? Ndakhala ndikudikira kuyambira m'mawa."

Nayeli analoza pamwamba pa guwa.

"Ndi uyo, ababa," anatero, nagwera pachifuwa pawo. "Ndinachedwa kumudziwa."