Laputopu ya Lufina ndi Mbewu ya Bambo Ake

Ku Tsangano, munthu akafunsa kumene angapeze mbewu yabwino ya mbatatesi, aliyense ankamulozera kwa aNgozo. Bambo Lazarus Ngozo anali mkulu wa mpingo, mlimi wosakonda zoyankhulayankhula, ndipo pakhomo pawo panali pamtendere: m'mawa pemphero, kenako kumunda, Lamulungu onse kutchalitchi. Chuma chawo chonse chinali m'kanyumba kaudzu kuseri kwa khitchini, mmene ankayala mbewu pathandala kuti iphukire. Mbewu imeneyo anaisamala kuyambira ali mnyamata, osalola kuti ikhudzane ndi mbatatesi ya munthu wina. Chimene ankaopa ndi getsi, matenda aja ofotetsa mbatatesi ikadali yobiriwira, amene akalowa m'munda amakhazikika m'nthaka zaka ndi zaka.

"Nangozo," ankatero kwa mwana wawo wamkazi Lufina, "mbatatesi ya pamsika ndi yodya basi. Ngakhale ioneke yosalala bwanji, m'kanyumba muno isalowe. Matenda amabisala m'kati, maso sangawaone."

"Ndamva, bambo."

Ndipo ankamvadi. Lufina sanali mwana wopulukira ayi. Ankaimba kwaya, kumunda sankachita kumudzutsa, khasu ankalidziwa. Koma anali ndi kamtima kena kake: akangoti ichi ndichita, ndiye kuti achita, ngakhale mumugwire miyendo.

Lufina anali ndi bwenzi lake, Chrispine, mnyamata wa mudzi woyandikana nawo. Chinkhoswe chinali chitachitika kale. Kenako Chrispine anapita ku Kepitauni kukagwira ntchito muhotela kuti apeze zokonzera ukwati, n'kusiya amayi ake, Nachisale, mayi wamasiye amene ankadalira kamunda kamodzi ka mbatatesi. Lufina anatsala ndi kafoni kamabatani kongomva mawu okha, mawuwonso odukaduka. Ankamusowa mnyamatayo, osati masewera.

Tsiku lina pamsika anakumana ndi Veronica, mnzake wa kusukulu amene tsopano ankachita geni yodutsa malire. Veronica anatulutsa foni yake yaikulu n'kumuonetsa chithunzi chimene Chrispine anaika pa intaneti. Anali ataima ndi anzake a kuntchito, ndipo mtsikana wina anali atamuika dzanja paphewa.

"Taona asikana a kumeneko mmene amawalira," anatero Veronica. "Iwe akungokumva mawu ngati wailesi. Mwamuna nkhope amaiwala, mnzanga."

Lufina mtima unamupweteka. "Ndiye ndigule foni ngati yakoyi?"

"Foni? Ngakhale ogulitsa tomato pa Nsipe ali nazo. Iwe gula laputopu. Azikuona bwinobwino, utakhala patebulo ngati munthu wa muofesi, adziwe kuti kumudzi sanasiyeko mbuli. Ku Tete zogwiritsidwapo kale ntchito zilipo zotsika mtengo. Ine ndikupita komweko mwezi uno."

"Nanga ndalama ndizitenga kuti?"

Veronica anaseka. "Iwe, mwana wa aNgozo, ukufunsa ndalama? Kanyumba kaja mumasungamo chiyani, miyala?"

Lufina sanathamangire kuba. Anayamba wapempha kwa makolo ake, mwaulemu wake, atagwada.

"Chrispine wadandaula kuti sakukuona?" anafunsa bambo ake.

"Ayi, bambo."

"Nanga vuto lili pati? Dikira tibzale, tikolole, tidzaone."

"Mwana wanga," anawonjezera amayi ake, "mwamuna akafuna kukuiwala, makina sangamuletse. Ndipo Veronica amene wayamba kuyenda nayeyu, ine mtima wanga sukumulandira."

Lufina anati zikomo n'kutuluka. Koma kamtima kaja kanali katanena kale kuti laputopu ndigula. Kukolola kunali kutali, ndipo dzanja la mtsikana uja paphewa la Chrispine silinkamuchoka m'maso.

Mpata unapezeka wokha. Azakhali ake anadwala kwambiri ku Sharpevale, ndipo makolo ake onse anapita kukadwazika matendawo. Potuluka, aNgozo anamupatsa kiyi wa kanyumba kaja m'manja. "Uziyang'ana makoswe," anatero.

Tsiku lotsatira Veronica anafika ndi wogula, galimoto ili pambuyo. Mbewu ya aNgozo inali yodziwika, munthuyo sananenerere n'komwe. Anapakira pafupifupi theka la mbewu yonse, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuganiza kuti eni ake ndiwo alamula. Galimoto itachoka, Lufina anayang'ana mbali ya thandala imene inatsala yopanda kanthu.

"Bambo akaona, ndifa ine."

"Aona bwanji?" anatero Veronica. "Pamsika pali mbatatesi ing'onoing'ono yotsalira, yofiira ngati yomweyi, mtengo wake wongotaya. Tisankhe yoyamba kuphukira, tisakanize. Mbatatesi ndi mbatatesi, ilibe dzina pamphumi."

"Bambo amati ya pamsika imabisa matenda."

"Aaa, akuluakulu amaopa chilichonse. Tadula imodzi uone."

Anadula imodzi, inali yoyera. Anadula ina, yoyeranso. Lufina anasankha kukhulupirira maso ake. Anagula mbatatesi ija, mwini munda wake osamudziwa n'komwe, ndipo anaisakaniza yekha ndi manja ake, mosamala kwambiri, mpaka iye mwini sakanathanso kusiyanitsa ya bambo ake ndi yachilendo. Ntchito anaigwira bwino mwana ameneyu, ndiye zomvetsa chisoni zake n'zimenezo.

Ku Tete kunali kotentha moti mwana wa kumapiri ankangopuma ndi pakamwa. Anayenda sitolo ndi sitolo, Veronica akumumasulira Chipwitikizi, mpaka anapeza laputopu yakuda yokalika pang'ono pakona. Wogulitsa anaiyatsa, Lufina n'kudziona nkhope yake pagalasi. Anaikulunga m'chitenje, ndipo ulendo wonse wobwerera anaifungatira pamiyendo osagona.

Makolo ake atabwerako anawauza kuti Chrispine ndiye watumiza. Kwa Chrispine ananena kuti wagula ndi ndalama za geni ya mandasi. Mabodza awiriwo anatuluka mosavuta, mpaka iye mwini anadabwa.

Ndipo tisanamizane, laputopu ija inagwira ntchito. Loweruka lililonse masana ankapita nayo kugolosale ya Mayi Sumaya, kumene kunali magetsi ndi netiweki, n'kukhala kuseri kwa kauntala. Chrispine ankaoneka bwinobwino, mpaka kachipsera ka pachibwano. Ankaseka, kumuonetsa chipinda chake, kumuuza kuti mtsikana wa pachithunzi uja ndi mkazi wa mnzake. Ankanena kuti akangokolola kumudzi, iye abwera kudzamanga ukwati. Lufina ankabwerera kunyumba akuimba, akudziuza kuti palibe amene wavulala.

Tsiku lina aNgozo anatuluka m'kanyumba kaja akukanda m'mutu. "Nangozo, mbewuyi chaka chino ikuphukira mosiyana. Ina yatsogola, ina yatsalira."

"Mwina ndi kutenthaku, bambo."

"Mwinadi," anatero. Akanamukayikira bwanji mwana amene sanawanamizepo?

Mvula yoyamba itagwa, Nachisale anafika pakhomo. Mbewu yawo inali itadyedwa ndi makoswe, ndipo anabwera mwamanyazi kudzafunsa ngati angapezeko pang'ono.

"Asewere, mpaka kuchita kupempha?" anatero aNgozo akuseka. "Ife ndi amodzi tsopano. Nangozo, dzaza thumba, uwaperekeze apongozi ako."

Apa ndiye panali poti anene. Lufina anaima pakhomo pa kanyumba, thumba lili m'manja. Akananena, mbewu yonse ikanadyedwa ngati chakudya, minda n'kupulumuka, iye n'kungolandira manyazi ake. Koma anaganiza za Chrispine akumva kuti bwenzi lake ndi wakuba, n'kukukuta mano. Anadzaza thumba, analisenza pamutu pake, ndipo anakalitula yekha pakhonde pa Nachisale.

"Mulungu akudalitse, mwana wanga," anatero mayiwo. "Chrispine anasankha bwino."

Mbatatesi inamera bwino m'minda yonse iwiri, yobiriwira mochititsa kaso, ndipo Lufina anayamba kupuma. Koma itayandikira kuchita maluwa, phando limodzi linafota masana, nthaka ili yonyowa. M'mawa mwake linaoneka ngati latsitsimuka, dzuwa litakwera linagweratu. Kenako lina, kenako mzere wonse. Madzi a mvula ankatsetsereka ndi matendawo kuchoka kumtunda kupita kumunsi, ndipo posakhalitsa munda unali zigamba zokhazokha.

ANgozo anazula phando limodzi, anadula mbatatesi yake ndi mpeni, n'kuifinya. M'kati munali mzere wakuda wozungulira, ndipo munatuluka zoyera ngati mafinya. Anakhala pansi pamzere pomwepo, bambo wamkulu. Lufina anali asanaonepo bambo ake atakhala pansi m'munda nthawi ya ntchito.

Madzulo ake uthenga unafika wakuti kwa Nachisale nakonso zafota.

ANgozo anavala jekete lawo la kutchalitchi. "Tiyeni tonse," anatero. Anayenda atatu, bambo, mayi ndi mwana, mpaka kwa Nachisale, kumene anapeza anthu atasonkhana m'mbali mwa munda akupukusa mitu. Pamaso pa anthu onsewo aNgozo anavula chipewa n'kunjuta pansi.

"Asewere, ndakupherani munda. Mbewu inachoka m'manja mwanga. Sindikudziwa kuti ndinalakwitsa pati, mwina ukalamba wandilanda maso, koma mlandu ndi wanga. Mundikhululukire."

Wina kumbuyo ananong'ona mokweza kuti, "Ndiye mbewu yotchuka ija ndi imeneyi?"

Lufina zinamukanika. Kamtima komwe kaja kamene kanamutengera ku Tete kanatembenuka, ndipo ulendo uno kanati ndinena. Anadutsa pakati pa anthu, anagwada pambali pa bambo ake m'matope.

"Bambo, dzukani. Si inu. Ndine."

Ananena zonse, osasiyako: za kiyi, za galimoto, za mbatatesi ya pamsika, za laputopu imene Chrispine sanatumize. Dzina la Veronica analitchula kamodzi kokha, chifukwa manja amene anasakaniza anali ake. Amayi ake anagwira kukamwa n'kuyamba kulira. Nachisale anatembenukira kwa Lufina.

"Unasenza wekha thumba lija," anatero mayiwo pang'onopang'ono. "Ndinakudalitsa, iwe ukudziwa chimene wanditulira?"

"Ndinkadziwa kuti ndasakaniza, amayi. Ndinkangopemphera kuti zisaoneke."

ANgozo anadzuka, anavala chipewa chawo, n'kuuyamba wa kunyumba osatembenuka.

Loweruka Lufina anapita yekha kugolosale kuja. Akanatha kusapita, koma anati nkhani imeneyi Chrispine aimve kuchokera pakamwa panga. Anapeza ataimva kale. Nkhope yake inaoneka bwinobwino pagalasi, maso ali ofiira.

"Ndinakupempha laputopu ine, Lufina?"

"Ayi."

"Ndinadandaulapo za kafoni kako? Mawu ako ankandikwanira ine. Munda uja ndiwo unkadyetsa amayi anga. Tsopano mbatatesi simungalowenso, ngakhale tomato, mpaka zaka. Adya chiyani? Ndimati ndibwere tikakolola. Panopa sindingasiye ntchito kuno, ndiyenera kuwadyetsa ndili konkuno."

"Nanga za ife?"

"Za ife usandifunse lero. Ankhoswe adzakuuzani."

Galasi linada. Veronica naye kuyambira tsiku limenelo akamuona pamsika ankakhotera njira ina.

Laputopu ija Lufina anaigulitsa motaya, ndipo zimene anapeza anakagula chimanga n'kukatula kwa Nachisale. Mayiwo sanamuthamangitse, komanso sanamupatse mpando. Lufina anabwerabe m'mawa mwake ndi khasu. Anazula mapando onse ofota m'minda iwiri ija, kuwaunjika n'kuwatentha, kutsuka khasu asanachoke munda wina kupita wina, monga bambo ake ankachitira. Anabzala nyemba mmene munali mbatatesi. Palibe anamutuma, ndipo palibe anamuyamika.

Ogula mbewu anasiya kufika kwa aNgozo. Bambowo anakhala masabata osamuyankhula mwana wawo, mpaka tsiku lina anamupeza akupalira nyemba zija. Anaima, kumuyang'ana mmene thukuta linkatsikira.

"Ndakukhululukira, Nangozo," anatero. "Mulungunso wakukhululukira, ngati walapadi. Koma nthaka iyi sinamve kulapa kwako. Tidikira."

Inu achinyamata, imvani bwino. Kuba kwa Lufina kunali tchimo, koma kukanathera pa mbewu yotayikayo ndi manyazi a tsiku limodzi. Chimene chinapha minda iwiri ndi dzina la bambo ake ndi kubisa. Mukalakwa, nenani msanga, zinthu zisanalowe m'nthaka, chifukwa chimene mwakwirira kuti chisaoneke chimakamera m'munda mwa munthu amene sanakulakwireni. Ndipo musawononge za makolo anu pofuna kugwira munthu amene sananene kuti akuthawa.

Lufina akadali pakhomo pa makolo ake, ndipo m'mawa uliwonse amayamba wakalima kwa Nachisale. Ankhoswe a kwa Chrispine mpaka lero sanabwere.